Mapazi Ako Atupa, Velonika

Velonika mwana wanga,

Ndikanatha kukuitanira kuseri kwa khola n'kukuuza izi pakamwa, koma ndimakudziwa. Ndikangotsegula pakamwa iwe umapeza chochita: mwina madzi atha mumtsuko, mwina foni yalira. Ndiye ndakhala pakhonde masana ano, anzako ali kalikiliki kumanga katundu wako, ndipo ndalemba. Uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale ukwiye.

Mawa ukunyamuka ndi amuna ako a Filipo kupita ku Lilongwe. Loweruka paukwati wako anthu ankayang'ana diresi, ine ndinkayang'ana pansi. Nsapato zako zinakana kulowa, unamaliza phwando lonse ndi mapatapata obisika m'diresimo. Mphete a Filipo anachita kuikankha. Kawiri konse ndinakuona ukugwira kunkhongo n'kutsinzina, kenako ukumeza timapiritsi ta mutu ta m'golosale popanda ndi madzi omwe. Ndipo uli ndi pakati, miyezi isanu ndi umodzi ngati si kuposa. Sunandiuze ine, unauza azakhali ako a Esinati. Kusikelo sunapondeko, poopa kuti anamwino amene umaimba nawo kwaya adziwa ukwati usanadalitsidwe. Mapazi ako atupa, Velonika. Ndidaonapo kale miyendo ikutupa m'nyumba muno, ndipo ndidakhala chete mpaka tidakumba manda.

Ukudziwa kuti ndikunena abambo ako. Iwe uli ndi nkhani yako ya imfa yawo, imene adakupatsa azakhali ako uli ndi zaka khumi ndi zinayi. Lero umveko yanga. Sindikudziyeretsa ayi. Ndili ndi milandu itatu pa imfa imeneyo, kungoti palibe ndi umodzi womwe umene ukufanana ndi umene adandipachika.

Abambo ako a Damiyano adabwera pano kudzakhala chikamwini kuchokera ku Mphunzi ali owonda ngati mpini wa khasu. Ankadzuka kukada kupita kudimba, kukwera chitunda chija atasenza thumba la kachewere, n'kupalasa njinga mpaka ku Mayani osapumira. Sankadziwa ndi chimfine chomwe. Khirisimasi yathu yachiwiri kudabwera a Esinati, achemwali awo aakulu, kudzationa. Adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa ine pamaso pa anthu onse.

“Alamu, kodi mlongo wangayu mukumudyetsa mphepo? Tidakupatsani munthu, mukufuna mudzatibwezere mafupa?”

Anthu adaseka. Ine ndidaseka nawo. Ndidali mtsikana, ndipo alangizi adali atandiuza zomwe ndinamva akukuuza iwe Lachisanu lija ndili kukhitchini: mwamuna m'pamimba. Ndidalumbira kuti ndidzawanenepetsa abambo ako mpaka a Esinati adzasowe chonena. Uwu ndiye mlandu wanga woyamba. Ndiwo zimene amayi anga ankangotendera ndi nsinjiro, ine ndidayamba kuzisambitsa m'mafuta. M'tiyi masupuni anayi a shuga. Kachewere atayamba kuyenda malonda, tsiku la msika silinkapita popanda nyama ya nkhumba yokazinga, ndipo mafuta otsala m'chiwaya ndinkawathira pa ndiwo zawo kuti asatayike. Iwo adagula njinga yamoto, kudimba adaikako aganyu, ntchito yawo idasanduka kukhala pathumba ku Mayani, kudya tchipisi n'kumwa zotsekemera. Mimba idatuluka, khosi lidapinda katatu, anthu adayamba kuwatcha bwana. A Esinati atabweranso adaomba m'manja, amvekere, “Tsopano ndiye mwadziwa ukwati, alamu.” Ndidanyada tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wanga. Walira mvula walira matope, mwana wanga, ndipo matope ake ndidawaponda ndekha.

Za mchere ukukumbuka wekha. Pambali pa mbale ya abambo ako pankakhala kambale kena ka mchere, ndipo ankathira asanalawe n'komwe. Usipa wouma, umene uli kale ndi mchere wake, ankauwonjezera. Pichesi losapsa, mchere. Chimanga chootcha, mchere. Ine ndinkadzaza kambaleko m'mawa uliwonse ngati ndikuthira madzi a nkhuku, ndipo ndinkati ndi ulemu. Iwe unkakhala pamwendo pawo n'kumanyambita chala chawo. Dzanja lako lothira mchere ndi lawo lomwe lija, sulidziwa kuti basi.

Chaka china ndidadwala malungo, iwo adandiperekeza kuchipatala. Anamwino atamaliza ndi ine adawayang'ana iwo, maso awo ali ofiira, n'kufunsa ngati mutu umawapweteka. Adavomera kuti kunkhongo, makamaka m'mawa. Adawamanga kachilamba pamkono, kupopa, kuyang'ana, kupopanso. Adati magazi awo akuthamanga kwambiri, matenda amene aliyense pano amangoti bipi. Adawapatsa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku moyo wonse, n'kuwauza kuti achepetse mchere ndi mafuta, ayambenso kuyenda pansi. Ndipo anamwinowo adandigwira ine dzanja, akuti, “Mayi, inu ndinu mumaphika, ndiye ndikuuza inu. Miyendo ikadzayamba kutupa kapena mpweya kuchepa, musadzagone nazo. Mudzathamange.” Mawu amenewo ndidawamva bwinobwino, sindinganame kuti adandidutsa.

Miyezi iwiri adamwa, mutu udaleka. Koma adayamba kudandaula kuti mapiritsiwo akuwakodzetsa pafupipafupi, pamsika akuchita manyazi kusiya makasitomala. Adatinso, poti tsopano ndiwe wapabanja ndikuuza, akuwachepetsa mphamvu za m'nyumba. M'malo mowatuma kuchipatala kuti akawasinthire ena, ine mwini wake, ndi pakamwa panga pano, ndidati:

“Abambo a Velo, mutu udasiya kale. Munthu wochira amamweranji mankhwala? Mukhala kapolo wa mapiritsi mpaka liti?”

Adandiyang'ana mosangalala ngati ndawamasula chingwe. Mapiritsi otsala ndidawaika m'chitini cha mabatani, adachita nkhungu momwemo. Kambale ka mchere kadabwerera pamalo pake, chifukwa ndiwo zopanda mchere ankazisiya, ndipo ine ndinkaopa kuti aondanso. Mlandu wachiwiri umenewo. Chakudza sichiimba ng'oma, Velonika. Matenda amenewa sapweteka tsiku ndi tsiku kuti uziwakumbukira. Amangodya mkati mwakachetechete, iwe uli kunja kuno ukuti ndili bwino.

Padapita zaka zitatu. Nyengo yozizira ija, nkhungu itaphimba mapiri mpaka masana, ndidaona kuti akatsika panjinga n'kuyenda kuchokera pamsewu kufika pakhomo, akufika ali wefuwefu. Adayamba kukhosomola. Kugona chagada kudawakanika, ankagona chokhala atatsamira khoma. Kenako miyendo. Ukadina ndi chala pamwamba pa phazi, dzenje linkatsala pomwepo osabwerera. Siya kaye kuwerenga, dina phazi lako, uone ngati ndikunama.

Mwatsoka, mlungu umene miyendo idayamba kuoneka ndidali nditangobwera kumene ku m'bindikiro wa amayi a mpingo ku Kasina, kumene tidagonako masiku atatu. A Esinati atamva kuti mlongo wawo akudwala adafika ndi chikwama chogonera. Adaona miyendo, adamva chifuwa, adafunsa kumene ndidali, basi mlandu adaugamula asanakhale ndi pansi.

“Ili ndi tsempho. Alamu, ku Kasinako mudagona kuti? Mwayenda ndi mwamuna wina, mwabwera mwathira mchere m'ndiwo, mwamudula mlongo wanga.”

“Ndidagona pamkeka, m'kalasi, ndi amayi anzanga. Kawafunseni.”

“Akazi okhaokha amabisirana. Miyendoyi sinama.”

Iwe ukuudziwa mwambowo: akuti mkazi akazembera mwamuna wake n'kumuthirira mchere m'chakudya, mwamunayo amatupa, amakhosomola, amafa. Abale anga omwe adangoweramitsa mitu, poti wodwala adali mwana wa eni. A Esinati adabwera ndi sing'anga wa kwawo. Iye adapereka mizu yowiritsa, n'kulamula kuti m'mankhwalamo muzithiridwa mchere wodzaza dzanja, m'mawa ndi madzulo, ndipo wothira ndikhale ine, kuti dzanja limene lidadula ndilo lilumikize.

Apa ndiye pali mlandu wanga wachitatu, umene sindinaululepo kwa wina aliyense, ngakhale kwa ansembe. Ndinkadziwa. Kabuku kawo ka kuchipatala kadali pansi pa zovala m'sutikesi, mawu a anamwino adali m'khutu mwanga. Ndinkadziwa kuti munthu ameneyu afunika chipatala, ndiponso kuti mchere ndi umene adamuletsa. Koma ndikanati ayi, mudzi wonse ukanati akukana chifukwa akuopa, ndiye kuti adachitadi. Ndidasankha dzina langa. Tsiku lachitatu tidatsala awiri ndi abambo ako pansi pa mtengo wa mapichesi, iwo akuwotha dzuwa, ndipo adalankhula mopuma pakati pa mawu.

“Amake Velo, ine ndikudziwa kuti simudachite kanthu. Koma mukakana, achemwali anena kuti mukubisa. Tingomwa, pakamwa pawo patsekeke.”

“Imwani,” ndidatero ine, n'kuwapatsa kapu.

Milungu itatu, Velonika. M'mawa ndi madzulo, ndi dzanja langa lino. Kutupa kudakwera kufika m'maondo, kufika m'mimba, nkhope idasanduka ya munthu wina. Ndipo ndidachedwa kuzindikira kuti msampha wake udalibe khomo. Akanachira, akanati mwaona, lidalidi tsempho. Poti sankachira, ankati n'chifukwa sindinaulule. Dzina limene ndinkaliteteza lidali litapita kale tsiku loyamba, ine ndidangowonjezerapo mwamuna.

M'mawa wina adalephera kumaliza dzina langa, kukamwa kukutuluka thovu. Pamenepo ndiye ndidakuwa, ndidakankha a Esinati pakhomo, tidawakweza pangolo. Kuchipatala adokotala adadina mwendo, adamvetsera pachifuwa, n'kufunsa, “Mayi, miyendoyi yatupa kuyambira liti?” Ndidati mwezi. Adafunsa chimene akhala akumwa, ndidanena. Sadandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Adangoti mtima watopa, wakhala ukukankha magazi movutikira zaka zambiri, ndipo madzi adzaza m'mapapo. Adayesetsa, koma tsiku lachiwiri abambo ako adatisiya.

Pamaliro ndidaona azakhali ako akukutengera kuseri kwa nkhokwe. Mudakhalako nthawi yosakwana kuwiritsa madzi, koma utabwera sudandiyang'anenso m'maso. Madzulo a tsiku lomwe tidasesa maliro, ndikuti ndithire mchere mumphika, iwe udandigwira dzanja. “Siyani amayi, ndithira ndekha.” Zaka khumi zathazi wakhala ukutero. Sudanditukwanepo, sudandifunsepo, umangondilanda mchere mwaulemu ngati ukundithandiza ntchito. Ukuganiza kuti sindinkamva? Ndinkamva tsiku lililonse, ndipo zinkandiwawa kuposa mwano. Mwana amene ndidamuyamwitsa kuopa dzanja langa ngati la mfiti! Ndipo chondipsetsa mtima n'chakuti ukandilanda, umathira kawiri kuposa mmene ndikanathirira ine.

Ndakwiya nawe, sindibisa. Ndakwiya ndi azakhali ako, amene mpaka lero amakhala kutsogolo m'tchalitchi ndi mtima woyera. Ndakwiya ndi abambo ako, munthu wamkulu wosatha kuuza mlongo wake kuti iyayi. Koma amene ndakwiya naye kwambiri ndi amene akulemba kalatayi.

Tsono tamvera za kumene ukupitako, poti alangizi ako sanazitchule. A Filipo ndi telala, amakhala pamakina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndi owonda, ndipo abale awo adzakuseka monga adandisekera ine. Asiye aseke. Mwamuna woonda amene akuyenda aposa wonenepa amene ali pachithunzi pakhoma. Akadzagula njinga yamoto kapena galimoto usadzavine kwambiri, uzidzawatuma kumsika wapansi. Mchere uzithira kamodzi, pang'ono, mumphika, ndipo patebulo pasadzakhale kambale. Mlungu woyamba adzadandaula kuti ndiwo sizikukoma, mlungu wachitatu lilime lidzaiwala. Ndikudziwa chifukwa langa lidaiwala. Mafuta uziyeza ndi supuni, osati kupendeketsa botolo uku ukucheza. M'tauni adzakuuza kuti bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera ndi ndiwo za amphawi. Agogo ako adadya za amphawizo mpaka kuona zidzukulutudzi, bwana wa tchipisi sadaone ngakhale ukwati wa mwana wake.

Ndipo mukadzapatsidwa mapiritsi oti muzimwa tsiku ndi tsiku, iwe kapena iwo, musadzasiye chifukwa mwapeza bwino. Kupeza bwinoko ndiye ntchito ya mapiritsiwo. Akakuvutani, bwererani kumene mudawatenga mukanene, alipo a mitundu ina. Ine ndimamwa anga chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano. Inde, nanenso adandipeza nayo bipi. Sukudziwa chifukwa sudafunsepo kumene ndimapita Lachitatu loyamba la mwezi. Choncho magazi amenewa uli nawo mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi komwe.

Koma zonsezi ndi za mawa ndi mkuja. Za lero ndi mapazi akowo. Lolemba ndinayenda wapansi kupita kuchipatala, ndinafunsa anamwino osatchula dzina lako. Ndinati pali mwana wina woyembekezera, mapazi ndi zala zatupa, mutu ukumupweteka kunkhongo, sanayambe sikelo. Anaika cholembera pansi. Anati kutupa pang'ono kumachitika kwa amayi ambiri, koma kukaphatikizana ndi mutu wosatha, mwina ndi bipi ya pakati, ndipo imeneyo siyembekeza zaka ngati ya abambo ako. Munthu amangogwa, kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, n'kupita iye ndi mwana yemwe. Anati sangadziwe popanda kukuyeza, ndipo anati, “Mayi, ameneyo asagone, abwere.” Nditafika pakhomo ndinakuuza kuti tiye kuchipatala. Unandiyankha uli chopenya kumbali: “Azakhali aona kale, akuti n'kutopa kwa ukwati.” Azakhali aona kale! Maso omwe aja.

Ndiye m'mawa uno ndachita chinthu chimene mkazi wa msinkhu wanga sachita. Ndinaona a Filipo akubwera m'kanjira ka kumsewu, ndipo m'malo mopatukira kutchire monga achitira apongozi, ndinaima pakati pa njira. Mnyamata wa eni anavula chipewa, maso pansi, akufuna pothawira.

“Apongozi, pepani ndakuimirani panjira. Akazi anu akudwala, ndipo mwana ali m'mimbayo ali pangozi. Mawa musanakwere basi mudzere kuchipatala akawayeze magazi.”

“Ndamva amayi. Koma iwo akakana?”

“Akakana muwanyamule. Mudalonjeza pamaso pa ansembe, si ine ndidakutumani.”

Ukamva kuti amayi ako alibe mwambo, ndi zimenezo. Manyazi a anamwino a kwaya achotse, ukwati wadalitsidwa kale, ndipo adaonapo mimba zambiri zofulumira kuposa yakoyi. Kuyeza kwake n'kwa kanthawi kochepa, sikupweteka. Akakuuza kuti ugone konko, ugone, Lilongwe sathawa. Akakuuza kuti uli bwino, ndiye kuti mayi ako ndi wamisala, ndipo ndidzavomera dzina limenelo ndi manja awiri.

Chatsala chimodzi. Kalatayi waipeza m'chikwama chako chakuda, yokulungidwa m'chitenje chimene munali botolo. Usalifunefune. Ndinakuona dzulo ukumwa mobisa kuseri kwa bafa, ndipo lero uli kosamba ndinalitulutsa. Ndikudziwa amene anakupatsa, ndikudziwanso chimene anakuuza: kuti poti mimbayi idayamba ukwati usanachitike, pafunika kutchinga tsempho. Ndinatsegula, ndinalawa. Mizu yomwe ija, mchere womwe uja wodzaza dzanja.  Ndakhuthulira m'dzenje la zinyalala, botolo ndaswa ndi mwala.

Kauze azakhali ako kuti ndine ndachita, ndipo akafuna abwere, andipeza pakhonde pompano. Nthawi ija ndidakhala chete kuti anthu andinene bwino, ndipo ndidaika mwamuna m'manda, kunenedwa ndidanenedwabe. Ulendo uno anene zonse zimene akufuna. Sindikupempha kuti undikhulupirire za ku Kasina, kapena kuti undikonde. Ndikupempha mkono wako, mawa m'mawa, pa tebulo la anamwino. Ukafuna kudana nane, dana nane zaka zina makumi asanu, mwana ali kumsana.

Ndine amene ndidakubereka, ufune usafune,

Mayi ako